Kukonza webusaiti ya loya woyima payekha m'chigwa cha Shire

Loya amene watsegula ofesi yake ku Chikwawa, ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Nsanje ayambe wadzifunsa kuti amene adzatsegule webusaiti yake ndani. Nthawi zambiri sadzakhala mayi wa ku Makhanga amene alamu ake akufuna kumulanda munda maliro atangotha. Adzakhala mwana wa mayiyo amene ali ku Ndirande kapena ku Johannesburg, wamva nkhaniyo pafoni madzulo ndipo akusaka loya wapafupi ndi kwawo. Wina ndi loya mnzanu wa ku Blantyre amene ali ndi nkhani yaing'ono pa khoti la majisitireti ku Nsanje, sakufuna kutsika mapiri a Thabwa chifukwa cha tsiku limodzi, akufuna womuyimirira. Wina ndi mlembi wa kopaletivi ya alimi a nzimbe kapena a thonje amene wauzidwa kuti apeze wowaonera mgwirizano asanasaine. Pafupifupi onsewa adzabwera pafoni, ndi bandulo yowerengera, ena pa netiweki yongobwera n'kuchoka. Akufuna kudziwa zinthu zochepa: ndinu loya weniweni kodi, nkhani ngati yawo mumaigwira, muli pati, ndipo angakupezeni bwanji lero lomwe. Chilichonse chimene muike pa webusaiti chithandize kuyankha mafunso amenewa. Chimene sichikuthandiza, chisiyeni.

Malamulo a ntchito yanu atsogole

Musanalipire aliyense, khalani pansi ndi lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act pamodzi ndi malamulo a khalidwe la maloya a Malawi Law Society, muwerenge zimene akunena pa nkhani yodzilengeza ndi kusaka makasitomala. Uloya si malonda a pamsika wa Dyeratu oti wofuula kwambiri ndiye agulitse. Wokonza mawebusaiti wazolowera kulembera mashopu ndi malo ogona alendo, ndiye mukamulekerera adzakulemberani kuti ndinu "loya wopambana onse m'chigwa chonse" kapena kuti "sitiluza mlandu". Mawu otere akhoza kukuitanitsani ku komiti yoona za mwambo wa maloya, ndipo amene akayankhe ndinu, osati iyeyo. Musalonjeze zotsatira za mlandu. Musadziyerekeze ndi maloya ena. Musatchule dzina la kasitomala, ngakhale mlandu wake unatha bwino chotani, pokhapokha atavomera polemba, ndiponso m'dera limene aliyense amadziwa mnzake ndi bwino kungozisiya. Ku Bangula mukalemba kuti munathandiza "mphunzitsi wina wamasiye kupeza nyumba ya malemu amuna ake", anthu adziwa kale kuti ndi uje.

Pamene mwakayika ngati chiganizo china n'chololedwa, lemberani ofesi ya Malawi Law Society muwafunse, yankho lawo mulisunge. Dzina limene muike pa webusaiti likhale lomwe lili pa satifiketi yolembetsera bizinesi ndi pa mapepala a ofesi, chilembo ndi chilembo. Ngati muli nokha, musalembe mawu oonetsa ngati muli gulu la maloya ambiri, ndipo musaike chithunzi cha anthu asanu ovala masuti ochotsedwa pa intaneti. Munthu akafika n'kupeza inu ndi mlembi mmodzi, chikhulupiriro chimathera pakhomo pomwepo.

Dzina la pa intaneti ndi mwini wake

Domain ndi dzina limene munthu amalemba kuti akufikeni, monga dzinalanu.mw kapena dzinalanu.com. Mayina othera ndi .mw akhala akulembetsedwa kudzera ku bungwe la Malawi SDNP ku Blantyre kwa zaka zambiri, ndipo makampani ena a muno amatha kukulembetserani. Dzina la .mw limaonetsa msanga kuti ndinu wa m'Malawi muno. La .com limagulidwa kwa makampani ambiri akunja, koma kulipira kwake n'kwa madola kudzera pa khadi la kubanki, ndipo pamene ndalama zakunja zikusowa khadi limakanidwa tsiku lomwe mukulifuna. Kumbukiraninso kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, zimene zinakweza mtengo wa chilichonse cholipiridwa m'madola. Ngati mwapeza kampani yodalirika ya muno yolandira makwacha kudzera kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, mwachepetsa mutu umodzi.

Sankhani dzina lalifupi loti mutha kulitchula pafoni munthu n'kulemba osalakwitsa. Pewani timizere ndi manambala pakati. Ngati dzina lanu lili ndi ng' kapena ŵ, pa domain zizindikirozo sizilowa monga zilili, ndiye ganizirani mmene lidzaonekere zikachotsedwa.

Apa m'pamene maofesi ambiri atsopano amapwetekera. Mumatuma mphwanu kapena mnyamata wodziwa makompyuta kuti alembetse, iye n'kulembetsa m'dzina lake, ndi imelo yake, ndi nambala yake. Chaka chikatha uthenga wokumbutsa kulipira umapita kwa iyeyo, pamene anasamuka kale kapena munasemphana mawu pa malipiro. Domain imafa, webusaiti imazimiririka, ndipo choopsa kwambiri, imelo ya ofesi imasiya kulandira makalata inu osadziwa. Dzina likatayika wina aliyense akhoza kuligula n'kumalandira makalata opita kwa inu. Ndiye tsiku lolembetsa khalani pompo. Mwini wa domain alembedwe inu, imelo yolandirira zikumbutso ikhale yanu yakale imene sidalira domain yomweyo, ndipo pasiwedi muisinthe nokha wokonzayo akamaliza. Tsiku lothera domain mulilembe m'buku lomwe mumalemba masiku a milandu ndi tsiku lokonzanso laisensi yanu ya uloya, ndipo muzilipira mwezi wathunthu lisanafike.

Kosungira webusaiti ndi chomangira

Hosting ndi malo pa seva, kompyuta yosazimitsidwa ya kampani ina, pamene mafayilo a webusaiti amakhala usana ndi usiku. Ofesi ya munthu mmodzi sifuna zambiri: phukusi laling'ono la shared hosting (seva imodzi yogawana ndi mawebusaiti ena), malo okwana 2 GB mpaka 5 GB, ndi lokwanira. Musanalipire funsani zinthu izi ndipo mayankho akhale olembedwa: kodi satifiketi ya SSL ilimo ndipo imadzikonzanso yokha, kodi amasunga kope la webusaiti kangati pa sabata, kodi maakaunti a imelo ndi angati, ndipo mtengo wa chaka chachiwiri ndi wotani, chifukwa ambiri amatsitsa wa chaka choyamba chokha. Wina akakuuzani kuti webusaiti ikhoza kukhala pa kompyuta ya mu ofesi mwanu, mukaneni. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kuzimazima kwa magetsi kunatenga miyezi yambiri, ndipo ngakhale m'nyengo yabwino magetsi a kuchigwa sangasunge seva.

SSL ndi imene imapangitsa adiresi kuyamba ndi https. Ikasowa, Chrome imalemba kuti tsambalo si lotetezeka, ndipo munthu wobwera ndi nkhani ya banja lake sangapitirire chenjezo lotere. Ya Let's Encrypt ndi yaulere, koma imakhala masiku owerengeka, osapitirira 90, n'kufuna kukonzedwanso. Ikamakonzedwa ndi manja, tsiku lina idzaiwalika.

Pa pulogalamu yomangira webusaiti, WordPress ndi imene tingalangize, osati chifukwa ndi yokongola koposa, koma chifukwa odziwa kuigwiritsa ntchito ndi ambiri m'dziko muno, ndiye wokonza woyamba akachoka mupeza wina. Makampani ngati Wix ndi Squarespace ndi osavuta kuyamba nawo, koma amalipiritsa m'madola mwezi ndi mwezi ndipo kusamutsa webusaiti kuchoka kwa iwo n'kovuta. Tsamba la Facebook palokha si webusaiti. Likhoza kuthandiza, koma si lanu: likatsekedwa kapena kubedwa mulibe kokadandaula msanga.

Mukaika WordPress chitani izi tsiku lomwelo. Dzina lolowera lisakhale admin, chifukwa ndilo loyamba limene akuba amayesa. Sankhani theme (kaonekedwe ka webusaiti) yopepuka, monga imene imabwera ndi WordPress yomweyo, kapena GeneratePress, kapena Astra, osati zodzaza zithunzi zoyenda. Tsekani malo a ndemanga, chifukwa pa tsamba la loya anthu amalembapo nkhani zawo zachinsinsi poyera kapena kutukwana amene akulimbana nawo. Pa Permalinks sankhani Post name kuti maadiresi a masamba akhale mawu owerengeka. Nthawi muiike ya Blantyre. Ma plugin, timapulogalamu toonjezera ntchito pa WordPress, akhale ochepa, anayi kapena asanu: ya fomu, yosungira kope monga UpdraftPlus, yachitetezo, ndi yofulumizitsa masamba. Musalole theme kapena plugin yolipira imene wina wakopera mwaulere kumalo osadziwika. Zambiri zotere zimabwera ndi khomo lobisika, ndipo mudzangoona webusaiti ya ofesi yanu ikutsatsa juga.

Masamba asanu ndi zolembamo

Tsamba loyamba linene zonse zofunika munthu asanatsitse chala. Pamwamba dzina lanu ndi la ofesi, pansi pake chiganizo chimodzi chonena chimene muli ndi kumene muli, mwachitsanzo: "Loya wovomerezeka, ofesi ku Nchalo. Timathandiza pa nkhani za malo, chuma cha masiye, ntchito ndi mabanja m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje." Kenako mabatani awiri akuluakulu, loimbira foni ndi la WhatsApp, ndi maola otsegulira. Mawu onena za masomphenya ndi zolinga za ofesi, ngati mukuwafunadi, apite pansi penipeni.

Tsamba lonena za inu likhale ndi zimene munthu angatsimikize: kumene munaphunzira zamalamulo, chaka chimene munavomerezedwa kuyimira anthu m'makhoti, kuti ndinu membala wa Malawi Law Society ndipo muli ndi laisensi ya chaka chino, ndi zilankhulo zimene mumalankhula. Ichi chomalizachi musachichepetse. Ngati mumamva Chisena kapena Chimang'anja cha kumudzi, nenani, chifukwa mwana wofunira kholo lake loya amadziwa kuti mkuluyo akafotokoza bwino nkhani ya malire a munda m'chilankhulo chake. Ngati muli ndi mphamvu yolumbiritsa anthu pa zikalata, lembaninso, poti ambiri amangofuna chimenecho. Chithunzi chikhale chanu chenicheni, chojambulidwa panja pamthunzi m'mawa, nkhope ikuoneka bwino.

Tsamba la ntchito zimene mumagwira ndilo lofuna nthawi yanu yambiri, ndipo musalisiyire wokonza webusaiti. Musalembe mndandanda wa nthambi makumi awiri za malamulo. Sankhani zinayi kapena zisanu zimene mumagwiradi, chilichonse chikhale ndi kachigawo kake kapena tsamba lakelake la mawu 200 mpaka 300. Yambani ndi vuto monga mmene mwini wake amalinenera, osati ndi dzina la lamulo. Munthu salemba pa Google kuti akufuna thandizo pa Deceased Estates Act. Amalemba kuti achibale a mwamuna alanda katundu. Ndiye mutu ukhale "Achibale akulanda katundu wa masiye", pansi pake mufotokoze mwachidule kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, ndi chimene ofesi yanu ingachite. Mumalize ndi zoti abweretse tsiku loyamba: chiphaso cha unzika, kalata ya imfa, wilo ngati ilipo, mapepala a nyumba kapena a galimoto, ndi mayina a ana onse, a nyumba ina omwe.

Chimodzimodzi pa nkhani za malo, zimene m'chigwa muno sizitha: malire a minda ya kudimba madzi akaphwa, mabanja osamutsidwa ndi madzi osefukira amene akhala pa malo a eni, malo olowa m'ntchito za ulimi wothirira monga Shire Valley Transformation Programme. Tchulani Customary Land Act ya 2016 ndi kuti mikangano yambiri ya malo a makolo ili ndi njira yake yoyambira kumudzi isanafike ku khoti lalikulu, kenako munene zobweretsa: kalata iliyonse ya amfumu, risiti ngati malowo anagulidwa, ndi mayina a mboni za malire. Pa nkhani za ntchito, ganizirani wodula nzimbe kapena mlonda wochotsedwa popanda kumumva mbali yake: akufuna kudziwa za ofesi ya zantchito ya paboma, za Industrial Relations Court, ndi kuti asunge kalata yomulembera ntchito, mapepala a malipiro ndi kalata yomuchotsa. Mndandanda wa zobweretsawu ndi umene umapulumutsa anthu kwambiri. Munthu wochokera ku Chapananga kapena kutsidya kwa Shire walipira kabaza, mwina ndi bwato, ndiye kumubweza chifukwa cha pepala limodzi n'kumuwonongera ndalama ya chakudya cha sabata.

Samalani ndi manambala a masiku. Mukalemba kuti dandaulo liyenera kuperekedwa pasanathe nthawi yakuti, tsimikizani m'lamulo lenilenilo ndi zosintha zake, ndipo pansi pa tsamba muike mwezi ndi chaka chimene munaliona komaliza. Tsamba lililonse lotere linene poyera kuti zolembedwazo n'zongodziwitsa, si uphungu wa nkhani ya munthu payekha.

Za malipiro, anthu amaopa loya chifukwa sadziwa kuti kungolowa pakhomo n'zingati. Monga mmene malamulo a ntchito yanu akulolerani, fotokozani mmene mumalipiritsira: ngati kukambirana koyamba kuli ndi mtengo, ngati mumalemberana mgwirizano ntchito isanayambe, ndi kuti ndalama iliyonse ili ndi risiti. Onjezani chiganizo chonena kuti amene sangathe kulipira loya akhoza kupita ku Legal Aid Bureau. Simutaya kanthu potero, ndipo mwathandiza munthu amene akanangokhala pakhomo ndi nkhani yake.

Tsamba lachinayi ndi la mmene angakupezereni, lachisanu ndi la chinsinsi cha uthenga wa anthu. Zonsezi tizifotokoza m'munsimu.

Lembani m'Chichewa ndi m'Chingerezi, koma osasakaniza pa tsamba limodzi. Pamwamba pakhale posankha chilankhulo. Plugin ya Polylang imachita zimenezi, kapena mukhoza kungopanga masamba awiriawiri. Musadalire makina omasulira pa mawu a zamalamulo. Lembani nokha Chichewa chimene mumalankhula ndi kasitomala ali pampando patsogolo panu, kenako mupatse munthu wosaphunzira zamalamulo awerenge mokweza. Pamene wakakamira, pakonzeni.

Kupepuka kwa tsamba

Chithunzi chochokera m'foni chimalemera 3 MB mpaka 5 MB. Zitatu zotere pa tsamba loyamba, munthu wa ku Marka adikira mpaka kutopa, bandulo yake ikutha, n'kutseka. Chithunzi chilichonse muchichepetse chisanakwere pa webusaiti: m'lifupi chisapitirire mapikiselo 1200, kulemera kwake kukhale pansi pa 150 KB. Squoosh ndi TinyPNG zimachita ntchitoyi mwaulere. Tsamba lonse loyamba, zithunzi ndi zonse, liyesetse kukhala pansi pa 1 MB. Vidiyo yodziyambira yokha ayi, zithunzi zosinthanasinthana pamwamba ayi. Mapu a Google oikidwa m'kati mwa tsamba amalemeranso, ndiye ikani ulalo wongotsegula mapuwo munthu akafuna.

Zilembo zikhale zosachepera mapikiselo 16, zakuda pa malo oyera. Ganizirani munthu amene waima pa siteji ya minibasi ku Ngabu masana a Okutobala, dzuwa likuwalira pa galasi losweka la foni yake: zilembo zotuwa pa malo a golide, zimene okonza ambiri amati n'zaulemu, iye sazionako. Mabatani akhale aakulu, pafupifupi mapikiselo 48 kutalika, otalikirana kuti chala chisaphonye.

Foni, WhatsApp ndi fomu

Nambala ya foni ikhale yodina n'kuimba, osati yojambulidwa m'chithunzi. Wokonza aike ulalo woyamba ndi tel:+265 kenako nambala yanu popanda ziro woyambirira. Ulalo wa WhatsApp ndi wa.me/265 kutsatizana ndi nambala, popanda ziro, popanda chizindikiro chophatikiza, popanda mipata. Cholakwika chofala n'kuiwala kuchotsa ziro uja, ndipo wodinayo amauzidwa kuti nambalayo kulibe. Ngati mungathe khalani ndi mizere iwiri, ya Airtel ndi ya TNM, chifukwa m'madera ena umodzi umagwira wina ukakana. Nambala ikhale ya ofesi, pa WhatsApp Business, yokhala ndi uthenga wodziyankha wokha kunja kwa maola a ntchito, ndipo mutsegule chitetezo cha magawo awiri kuti wina asailande.

Fomu ndi imene ikhoza kukuikani m'mavuto aakulu. Mukaika bokosi lalikulu lolembedwa kuti "fotokozani nkhani yanu", anthu adzalemba zonse. Tsiku lina adzalemba ndi mwamuna amene mkazi wake ndi kasitomala wanu kale pa mlandu wothetsa banja, ndipo mudzakhala mutawerenga zinsinsi za mbali zonse ziwiri. M'dera la maloya ochepa izi sizichedwa kuchitika. Fomu ifunse zinthu zochepa: dzina, nambala ya foni, boma kapena dera, mtundu wa nkhani wosankha pa mndandanda, ndi dzina la munthu kapena kampani imene akulimbana nayo, kuti muyambe mwaona ngati simukuyimira kale mbali inayo. Pamwamba pa batani lotumizira palembedwe momveka: "Musalembe tsatanetsatane wa nkhani yanu pano. Kutumiza fomuyi sikutanthauza kuti takhala loya wanu. Tikuimbirani pasanathe tsiku limodzi la ntchito." Lonjezo la nthawilo muike limene mungalisunge ngakhale sabata imene muli ku High Court ku Blantyre.

Fomu isalandire mafayilo. Zikalata za anthu zisamakhale pa seva ya webusaiti, imene ndi malo osavuta kuthyoledwa kuposa kabati ya mu ofesi. Ngati plugin ya fomu imasunga mauthenga, muziwafufuta mukawalemba m'kaundula wanu. Dziko lino lili ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ndi Data Protection Act ya 2024, ndipo mayina ndi manambala amene mukutolera akukhudzidwa ndi malamulo amenewa. Tsamba la chinsinsi linene mwachidule zimene mumatolera, chifukwa chake, amene amaziona, nthawi imene mumazisunga, ndi mmene munthu angapemphere kuti zifufutidwe. Musakopere la kampani ya kunja lotchula malamulo a dziko lina.

Pofotokoza malo a ofesi, nambala ya bokosi la kupositi sifikitsa munthu pakhomo. Lembani monga mmene mungauzire wa kabaza: mbali iti ya msewu wa M1, moyang'anana ndi chiyani, nyumba ya mtundu wanji, khomo lachingati. Ikani chithunzi cha kutsogolo kwa nyumbayo chikwangwani chikuoneka.

Imelo ya ofesi

Pangani adiresi ya pa domain yanu, monga ofesi@dzinalanu.mw. Mabanki, makampani a inshuwalansi ndi maloya anzanu amaiona mosiyana ndi adiresi yaulere yokhala ndi chaka chobadwa kumapeto. Kuti igwire bwino, wokonza aike zolemba zitatu mu DNS, kaundula wa pa intaneti wolondolera kumene domain yanu ikupita: MX yolondolera makalata obwera, ndi SPF ndi DKIM zotsimikizira kuti makalata otuluka ndi anudi. Kuyambira mu Febuluwale 2024 Gmail imafuna kuti wotumiza aliyense akhale ndi SPF kapena DKIM, ndipo popanda zimenezi makalata anu adzagwera ku spam kapena kubwezedwa. Fomu ya pa webusaiti nayo itumize kudzera mu akaunti yeniyeni ya imelo pogwiritsa ntchito SMTP, njira yokhazikika yotumizira maimelo, chifukwa njira imene WordPress imatumizira payokha imataya mauthenga mwakachetechete. Zosintha za DNS zimatha kutenga mpaka maola 48 kuti zifalikire, ndiye musazichite dzulo la tsiku limene mukuyembekezera kalata yofunika.

Nambala ya akaunti ya kubanki, makamaka ya ndalama za makasitomala, musaiike pa webusaiti. M'malo mwake lembani kuti ofesi sisintha nambala yolipirira kudzera pa uthenga wa pafoni kapena pa imelo, ndipo aliyense wolandira uthenga wotere aimbe kaye pa nambala ya ofesi. Akuba amatengera dzina ndi chithunzi cha loya pa intaneti n'kumauza achibale a munthu womangidwa kuti atumize ndalama ya belo pa nambala yachilendo.

Kuti anthu akupezeni

Lembetsani ofesi pa Google Business Profile, n'kwaulere. Kwa loya wa m'dera ngati lino, ichi chingabweretse mafoni ambiri. Dzina, nambala ndi maola zifanane ndendende ndi za pa webusaiti. Chizindikiro cha pa mapu muchiike mutaima pakhomo la ofesi, chifukwa mukangolemba dzina la tawuni chimakagwera pakati pa msika kapena m'munda wa nzimbe. Google idzafuna kutsimikiza kuti ofesiyo ilipodi, nthawi zambiri ndi vidiyo yoonetsa chikwangwani ndi m'kati, ndiye chikwangwani chikhale chitakhomedwa kale. Wina akalemba ndemanga yoipa pamenepo, musayankhe ndi mfundo za mlandu wake, ngakhale kuvomera kuti anali kasitomala wanu. Yankho lalifupi lomupempha kuti aimbe ku ofesi ndi lokwanira.

Mutu wa tsamba lililonse ukhale ndi ntchito ndi malo, monga "Loya wa nkhani za malo ku Chikwawa ndi Nsanje". Lembetsaninso webusaiti pa Google Search Console kuti muziona ngati masamba akupezeka. Pali kabokosi kena mu WordPress, pa Settings kenako Reading, kouza makina ofufuzira kuti asaonetse webusaitiyo. Okonza amakachonga pamene akumanga, n'kuiwala kukachotsa, ndipo ofesi imatha miyezi ikudabwa kuti bwanji sikuoneka pa Google.

Kuyesa ndi kusamalira

Musayese pa kompyuta ya wokonza ku Blantyre. Tengani foni yotsika mtengo ya Android, muzimitse Wi-Fi, muyese pa data ya Airtel ndi ya TNM, muli kuchigwa konkuno, kunja kwa tawuni. Tsamba loyamba likapitirira masekondi asanu lisanaoneke, bwererani ku zithunzi. Dinani batani lililonse. Tumizani fomu nokha muone ngati uthenga wafika ndipo wagwera kuti. Yesaninso pa Opera Mini, pulogalamu ya pafoni yotsegulira masamba a intaneti, imene ambiri amagwiritsa ntchito posunga data, chifukwa mafomu ndi mindandanda ina imasokonekera mmenemo.

Wokonza asanalandire malipiro omaliza akupatseni zolowera zonse: za domain, za hosting, za WordPress ngati woyang'anira wamkulu, za imelo ndi za Google. Akuphunzitseninso kusintha maola, nambala ndi chidziwitso cha pamwamba pa tsamba loyamba nokha, kuchokera pafoni. Kachidziwitso kameneka n'kofunika kwambiri kuno. Nyengo ya mvula misewu imaduka, monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndipo mzere umodzi wonena kuti ofesi yatsekedwa sabata ino koma foni ikugwira umaletsa munthu kuyamba ulendo wowoloka madzi pachabe. Madzi akaphwa muzikumbukira kuuchotsa.

Kamodzi pa mwezi patulani theka la ola: sungani kope la webusaiti, kenako mukonzenso WordPress, theme ndi ma plugin poika mitundu yake yatsopano (update), motsatana choncho, chifukwa kukonzanso kukaphwanya kanthu mubwerera ku kope lija. Kope likhale kunja kwa seva yomweyo, monga pa Google Drive, ndipo kamodzi pa chaka wokonza ayese kulibwezeretsa kuti mudziwe ngati likugwiradi. Mukamaliza tumizani fomu yoyesera, muimbe manambala onse awiri kuchokera pa batani, ndipo muone tsiku lothera SSL podina chizindikiro chili pambali pa adiresi. Mlembi kapena wophunzira ntchito akachoka pa ofesi, akaunti yake pa WordPress muifufute tsiku lomwelo ndipo pasiwedi ya imelo ya ofesi muisinthe.